Mutu 4: Khawi Afafaniza Dzina la Wakufa

1. Malo amodzi, anyamata awiri

Tsiku lomaliza la ntchito, amisiri okumba manda a Farao ankatsika phiri kubwerera kumudzi kwawo. Onse anali mbuu ndi fumbi la mwala woyera. Kumbuyo kwenikweni kunali Khawi, mnyamata amene anali asanamere ndevu, atanyamula dengu lotayira zidutswa za miyala.

Khawi sankalankhula ndi munthu. Bambo ake, a Nakhi, anali wosema wotchuka m'gulu lonselo, koma tsopano maso awo anali atachita khungu. Nyumba za m'mudzimo zinali za Farao. Bambo akaleka ntchito popanda mwana wolowa m'malo mwake, banja lake linkatuluka pachipata mphasa zili pamutu.

Malo amene a Nakhi anasiya anali asanapatsidwe munthu. Owafuna anali awiri: Khawi ndi Huyi, mwana wa mlongo wawo wa akapitawo.

"Iwe Khawi," anafuula Huyi, "kwanu mwayamba kumanga katundu? Chipinda chanu chakumaso chija ndachikonda. Ndidzasungiramo nkhunda zanga."

"Nkhunda zingakhale ndi iwe?" anayankha Khawi. "Zidzathawa fungo la m'khwapamo."

Amisiri anaseka, koma akapitawo a Kenena sanaseke nawo. Anaima pambali pa njira akutsokomola, n'kukodola Khawi ndi chala. Anadikira kuti ena onse apitirire.

"Malo ndi amodzi, anyamata muli awiri," anatero a Kenena. "Huyi ndi magazi anga, koma dzanja lake ndi la wowaza nkhuni. Lako ndi la bambo ako. Ukuwafuna malowo?"

"Ndikuwafuna, bwana."

"Tayang'ana uko." Analoza phiri la pamwamba pa mudzi, pamene panali manda a amisiri ndi mabanja awo. "Manda a chitseko chogumuka aja ndi a Tameketi, mayi amene ankaimba m'kachisi. Anamwalira ine ndili wakhanda. Mbumba yake inatha, palibenso wothira madzi pamenepo. Chifuwa changachi ukuchimva. Kukumba manda atsopano kumafuna zaka, ine zakazo ndilibe, ndiye aja akhale anga. Mawa ndi tsiku lopuma. Ukachotse dzina lake ndi nkhope yake pakhoma. Zina ndidzaona ndekha."

Khawi anayang'ana kuphiriko. "Nanga mtembo wawo, bwana?"

"Mtembo uli pansi m'dzenje, sukukukhudza. Iwe ukasalaze khoma basi. Ukatero, ndikauza mlembi kuti malo ndi ako, mayi ako asasenze mphasa. Koma pakamwa pakhale potseka. Wamva?"

2. Chenjezo la a Nakhi

Khawi anapeza bambo ake atakhala pakhomo akupota zingwe za nyale ndi manja okha. Mayi ake, a Wabeti, ankapera tirigu pamphero, mng'ono wa Khawi ali kumsana.

"Bambo, mundibwerekeko chosemera chanu chamkuwa chija."

"Mawa kuli ntchito?"

Khawi sankadziwa kunamiza bambo ake. Anawauza zonse monong'ona. Mphero inaleka kulira.

"Khala pansi, mwana wanga," anatero a Nakhi. "Ine chosemera ndinayamba kuchigwira ndili msinkhu wakowu, koma sindinafafanizepo dzina la munthu. Ukudziwa chifukwa chake? Munthu amafa kawiri. Koyamba amafa mpweya ukatha, ife n'kulira, n'kumukulunga nsalu, n'kumuika. Imfa imeneyo ndi ya aliyense, ngakhale Farao amene. Koma mzimu wake sufa ayi. Masana umauluka ngati mbalame, dzuwa likapendeka umabwerera kwawo. Umadziwa bwanji kuti kwawo ndi pano? Umaona nkhope pakhoma, umawerenga dzina. Ukapeza khoma lili mbee, umangozungulira osapeza potera, wanjala, waludzu, mpaka kuzima. Imeneyo ndiyo imfa yachiwiri, ndipo ilibe m'mawa. Wobaya ndi mpeni amapha thupi lokha. Wofafaniza dzina amapha munthu yense."

"Koma mayiwo alibe abale, bambo. Palibe amene adzadandaule."

"Wopanda abale ndiye woti aphedwe? Tamvera. A Kenena ali ndi amisiri odzaza njira, ena aluso kukuposa. Bwanji asankha mwana? Bwanji tsiku lopuma? Iwo kusema sadziwa? Akudziwa bwino lomwe, koma akuopa Mwini Phiri. Ameneyo ndi Meretisega, mulungu wa thupi la njoka wokonda chete, ndipo sagona tulo. Akufuna kuti akamayang'ana pansi aone dzanja lako, osati lawo. Chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere."

A Nakhi anaika zingwe pansi n'kutembenuzira nkhope kumene kunkachokera mpweya wa mwana wawo.

"Ndili mnyamata ndinaona munthu wina, Pairi, atagwidwa m'manda a eni. Anatumidwa ndi wamkulu, monga watumidwira iwemu. Pabwalo la milandu wamkulu uja analumbira kuti nkhope ya Pairi sanaionepo chibadwire. Pairi anamudula mphuno ndi makutu, n'kumutumiza kumigodi ya kumwera. Mayi ake anamwalira akuyang'ana kunjira. Wamkulu uja anakalamba bwinobwino, akudya tsekwe. Zimatha choncho, mwana wanga. Wotuma amasamba m'manja, wotumidwa amasenza."

Khawi anadzuka mtima uli m'mwamba. "Nanga inu amene simunafafanizepo dzina, Mwini Phiri wakuchotserani maso chifukwa chiyani?"

"Khawi!" anakalipa mayi ake.

"Musiyeni," anatero a Nakhi mofatsa. "Maso anga adyedwa ndi fumbi ndi utsi wa nyale, mwana wanga. Koma ndikagona ndimapeza tulo. Tikatuluka m'mudzi muno tikaumba njerwa kumtsinje. Anthu akukhala ndi moyo poumba njerwa. Chosemera changa usachikhudze."

A Wabeti anayambanso kupera, maso ali pamphero.

"Bambo a Khawi, mawu anuwo ndi oona," anatero motsitsa. "Koma mawu si denga. Kamwana aka tidzakagoneka pati?"



3. M'manda a chitseko chogumuka

Kutacha, mudzi wonse unali pa zake. Amayi ankaphika mkate ndi kusuza mowa pokonzekera chikondwerero cha tsiku lotsatira. Amuna ankameta. Khawi analowa m'chipinda chamkati, n'kutulutsa chosemera m'kabowo ka pakhoma. Anachibisa m'nsalu yake ya m'chiuno pamodzi ndi nyundo yamtengo.

Potuluka anadutsa bambo ake ali chogona. A Nakhi sanatembenuke.

Kuphiri kunali zii. Ngakhale khwangwala sankalira. Pakhomo la manda aja panali mchenga wowunjikana, ndipo pamchengapo panali mkukuluzi wa njoka wolowera mkati. Wotulukira kunja panalibe.

Khawi anaima kanthawi. Kenaka anayang'ana pansi kumudzi, naona denga la nyumba yawo, pamene mayi ake anayanika anyezi. Anayatsa nyale n'kulowa.

Mileme inauluka pafupi ndi makutu ake. Moto wa nyale utakhazikika, anaona khoma.

Mayi Tameketi anali atakhala pampando, atavala nsalu yoyera yamapindo, chisekese cha m'kachisi chili m'manja. Patsogolo pawo panali tebulo lodzaza mikate, mphesa ndi mwendo wa ng'ombe. Pansi pa mpando panali kamtsikana kogwira mphaka pakhosi. Utoto wake unali ngati wapakidwa dzulo. Amene anasema nkhope imeneyo anali katswiri, pakuti milomo inkaoneka ngati ikufuna kuyamba nyimbo.

Pamwamba pa mutu wawo panali mawu ozokotedwa. Khawi anawawerenga monga bambo ake anamuphunzitsira: "Iwe wamoyo wopita ndi njira, ngati mkate ulibe, ndipatse mpweya wa m'kamwa mwako. Nditchule dzina. Sutaya kanthu."

Khawi sanalitchule. Anaika chosemera pa chilembo choyamba cha dzinalo, n'kumenya.

Go! Phokosolo linalowa pansi m'dzenje n'kubwerako ngati wina wayankha. Anadikira. Palibe chinachitika. Anamenyanso.

Dzina linali m'malo ambiri: pamwamba pa mpando, pamphuthu ya chitseko, ndi pakhomo lonamizira limene mzimu umatulukirapo kudzadya. Lililonse linagwa ngati ufa. Thukuta linkatsika kumsana, matuza n'kutuluka m'zikhatho, pakuti mwala wa pamenepo unali wolimba kuposa umene anauzolowera.

Nkhope anaisiya komalizira. Anayambira kutsitsi, kenaka khutu, kenaka chibwano. Atafika padiso anatembenuzira mutu kumbali n'kumenya ndi mphamvu. Kachidutswa ka mwala kanathetheka n'kumulowa m'diso lamanzere.

Khawi anagwetsa nyundo. Anatikita, koma kunali ngati akukolezera moto. Misozi inkangotsika. Atapenya ndi diso limodzi lotsalalo, anaona thupi la mayi litakhala pampando, chisekese chili m'manja, koma pamene panali nkhope pali chibowo choyera.

Kamtsikana ka pansi pa mpando sanakakhudze. A Kenena sanakatchule.

Anatola zida zake, kuzibisa m'chiuno, n'kuthamangira kunja.

4. Mlendo wa ndodo

Dzuwa linali pamutu. Khawi anakhala pamwala pafupi ndi khomo, dzanja lili padiso.

"Mwana iwe! Tandithandiza, phiri ili lakula kuposa kale."

Anadzidzimuka. M'kanjira munkabwera mayi wokalamba, ndodo kudzanja limodzi, kwinako kamtsuko ka madzi, kathumba ka mkate kali pakhosi. Sanali wa m'mudzimo. Malankhulidwe ake anali a anthu a kumpoto, kumene Mtsinje umathera m'nyanja.

Khawi anafuna kuthawa, koma mayiyo anali atamugwira kale pamkono.

"Mwasochera, agogo?"

"Ndisochere kwathu? Ine ndine Henuti. Ndinabadwira m'mudzi uwo. Ndinakwatiwa kumpoto ndili kamtsikana, ulendo wake wa ngalawa wosatha. Chaka chilichonse ndinkati ndipita, ndipita, koma pena ana, pena matenda. Tsopano mwamuna ndaika, ana akula. Ndati ndisanafe ndikawathirire madzi mayi anga. Manda a Tameketi woimba si awa?"



"Ndi... ndi omwewa, agogo."

"Ndinadziwa! Maso achita chifunga, koma mapazi saiwala. Nditsogolere. Iwe dzina lako ndani?"

"Khawi, mwana wa a Nakhi wosema."

"Mwana wa wosema! Ndiye kuwerenga umadziwa. Milungu yandikomera mtima lero. Ukandiwerengere dzina la mayi mokweza, alimve."

Analowa. Nyale inali ikuyakabe pansi pamene Khawi anaiiwala, koma a Henuti sanafunse za iyo. Anaika kamtsuko pansi n'kuyamba kupapasa khoma kuchokera m'munsi. Zala zawo zinapeza mphaka, kenaka kamtsikana kaja. Anaseka ngati mwana.

"Aka ndine! Mphaka uyu ankandikanda tsiku lililonse. Wosema anandiuza kuti ndikhale chete, ine osamva, mpaka mayi anandilonjeza nkhuyu zouma."

Zala zinakwera. Zinadutsa mwendo wa mpando, bondo, chisekese, phewa, khosi. Kenaka zinalowa m'chibowo.

A Henuti anasiya kuseka. Anapapasa uku ndi uku. Anatambasula dzanja pamwamba pamene panali dzina, napeza zipsera zokhazokha. Anapita pakhomo lonamizira, napezanso chimodzimodzi.

Sanakuwe. Anakhala pansi pang'onopang'ono, n'kutapa fumbi loyera limene linali m'munsi mwa khoma, n'kulinunkhiza.

"Ili ndi la lero," anatero. "Silinasakanikirane ndi mchenga. Ndachedwa ndi m'mawa umodzi wokha. Mayi, zaka zonsezi munandidikira, ine n'kuchedwa ndi m'mawa umodzi!"

Anatembenukira kwa Khawi. "Iwe unali pakhomo. Waona ndani?"

"Ndinamva kugogoda, agogo, ndiye ndinabwera kudzaona." Mawuwo anatuluka okha. "Ndinangoona msana wa munthu akuthawira kuseri kwa phiri. Sindinamuzindikire."

Mayi uja anamukokera pafupi n'kumuyang'anitsitsa. Anaona diso lofiira ndi misozi yotsika patsaya.

"Ukulirira mayi a eni ake? Anakulera bwino makolo ako, mwana iwe."

Anathira madzi pansi pa khoma lopanda nkhopelo, nanyema mkate. Kenaka anatchula dzina la mayi awo mobwerezabwereza mpaka mawu anasasa. Atatha anadzuka ndi ndodo yawo, nkhope itauma ngati mwala.

"Mawa mulungu wa mudzi atuluka m'kachisi, eti? Mwambo uja ukadalipo?"

"Ukadalipo, agogo."

"Basi. Ansembe akanyamula fano lake pamapewa, ine ndikagwada patsogolo pake. Mlembi akatchula mayina a onse ogwira chosemera m'mudzi muno, akulu ndi ana omwe, limodzi limodzi. Pa dzina la wolakwa mulungu amawerama, onyamula n'kulephera kumugwira. Ndinazionapo ndili mwana, sanaphonyepo. Iwe ukaime pambali panga, ukanene za msana unauonawo. Tsopano nditengere kwanu. M'mudzi muno ondidziwa onse ali kuphiri kuno."

5. Pakhomo pa a Nakhi

Anatsika pang'onopang'ono. Chosemera chinkamubaya Khawi pantchafu pa sitepe iliyonse.

Pachipata cha mudzi panali a Kenena, atakhala pamthunzi ndi anzawo akusewera nsolo wa pathabwa. Anadzutsa mutu akumwetulira. A Henuti anaima n'kulankhula mokweza kuti onse amve.

"Inu amuna a mudzi uno! Ine ndine mwana wa Tameketi woimba. Wina wapha mayi anga kachiwiri m'mawa uno. Tionana mawa pamaso pa mulungu."

Amuna aja anadzuka akufunsana. Kumwetulira kwa a Kenena kunazima. Khawi anawayang'ana mopempha, koma maso awo anamudutsa ngati akuyang'ana bulu wonyamula madzi.

"Zachisoni, mayi," anatero a Kenena. "Wochita zimenezo asamusiye ndi mphuno." Anatsokomola n'kubwerera ku masewera awo.

Kunyumba, a Wabeti anali pamoto. Ataona mlendo anayala mphasa msangamsanga n'kumupatsa madzi. A Nakhi anali pamalo awo a masiku onse.

"Khawi, wabwera ndi ndani? Ndikumva ndodo."

A Henuti anadzifotokozera okha. Ananena za ulendo wawo, za mphaka, za chibowo cha pakhoma ndi za fumbi la lero. Ananenanso za mwana wabwino amene anamupeza pakhomo la manda akulira, amene mawa akaime nawo pamaso pa mulungu.

Mkate umene a Wabeti ankatembenuza unagwera m'phulusa. Sanautole.

 Kunja ana ankayeserera ng'oma za chikondwerero. Kenaka wosema wakhunguyo anatambasula manja ake onse awiri, zikhatho zili m'mwamba.

"Khawi," anatero ndi mawu otsika kwambiri, "tasendera kuno. Ndipatse manja ako ndiwagwire."